Kwa Apongozi a Luntha Amalowa ndi Tikiti

Croydon, 8 Epulo 2024

Okondedwa mlongo wanga Nabanda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mbumba yonse ku Mponela. Ine ndinafika bwino, kungoti kuno kukuzizira ngati Juni wa ku Dedza, chonsecho eni ake akuti kwayamba kufunda.

Akulemba kalatayi ndi a Henderson Chanda, mkulu wa mpingo kumene amapemphera Eliza mwana wanu. Anabwera kuno kalekale pothawa ndale. Ndawauza kuti alembe monga ndikuyankhulira, asakometse. Akamaliza aijambula n'kutumiza pa foni ya Effie mpongozi wanu. Eliza amati ndizingoyankhula mu foni mawu n'kumapita okha, ine ndakana. Mawu a mu foni amamva ndi msika womwe. Sukulu sindinapiteko, koma ndimadziwa kuti zapapepala munthu sazikana mawa.

Mnyamata wa Luntha, mwana wa Eliza uja, ndamuona. Dzina lake ndi Adrian, mzungu wamtali, ntchito yake ndi yowongola anthu miyendo kuchipatala komwe kuli Eliza. Anandipatsa moni ndi manja awiri, koma zinachita kuonekeratu kuti wangophunzitsidwa m'njira. Sindinamusekerere, sindinamukwiyirenso.

Ndamuuza Eliza kuti ine sindinakwere ndege kudzadya keke. Luntha ndi mdzukulu wanu, ndipo mwinimbumba ndine. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Ngati awa akufuna kumutenga mwana chitengwa, ndikaone kaye ndi maso angawa pamene azikagona, pamene azikaphika, ndi mmene anthu akewo amalandirira mlendo. Ndikapanda kukhutira, chinkhoswe palibe.

Koma pali chimene chikundizunguza mutu. Eliza akuti tipita Loweruka, chifukwa ndilo tsiku limene pakhomopo amatsegula. Ndinamufunsa kuti masiku enawo anthu ake amatulukira pawindo? Anangoseka. Akuti tikalowe mwakachetechete ngati anthu wamba, za kukumana ndi makolo zibwera pambuyo. Malo ake akuti ndi Fenleigh. A Henderson akuti anapitako ndi ana awo. Ndawafunsa ngati pali chibale ndi banjalo, akuti ayi. Nanga munakatani? Akuti kukaona. Kukaona chiyani pakhomo pa eni? Apa aika cholembera pansi akuseka, ndiye ndilekere pomwepa.

Mundiuze ngati fodya wanga ayamba kusankha, komanso ngati ng'ombe yaikazi ija yabereka.

Ndine mlongo wanu,
Greenwell Masiye


Mponela, 11 Epulo 2024

Achimwene,

Tayamika kuti munafika bwino. Kuno tonse tili bwino kupatula bondo langa lija. Fodya akusankha. Ng'ombe sinabereke, yangotupa ngati mwini wake akakwiya.

Effie analemba dzina la Fenleigh mu foni, chithunzi n'kutuluka. Achimwene, imene ija si nyumba, ndi boma. Mawindo ndinayamba kuwerenga koma ndinalekera panjira. Amayi a chigwirizano onse aiona. Ena amati ndi hotela, ine ndawauza kuti atseke pakamwa, kumeneko ndi kwa apongozi a mdzukulu wanga.

Tsono inu ndimakudziwani. Munabweza mwamuna wofunsira Mwayiwathu, mtsikana wa m'mbumba mwathu uja, pachipata chifukwa chokupatsani moni chipewa chili kumutu, mpaka mwana anakwatiwa mochedwa. Zimenezo musakazichite kwa azungu. Chitengwa si chachilendo, ngakhale kuno anthu akutengana tsiku ndi tsiku. Munthu angasiye nyumba yotere n'kudzapanikizana m'kanyumba ka Eliza? Vomerani msanga asanasinthe maganizo. Mukafunsenso ngati pali chipinda chapansi, chifukwa ine masitepe sindingathe.

Pobwera mundigulire mankhwala opaka pabondo ndi juzi yaubweya.

Mlongo wanu,
Dainess


Croydon, 15 Epulo 2024

Nabanda,

Moni nonse. Yanu a Henderson andiwerengera. Za chipinda chapansi dikirani, mumve kaye zimene ndaona.

Tinakwera kasitima koyenda mumsewu kamene amati tiramu mpaka komwe kamathera, kenako basi. Nyumba zinatha, tinayamba kuona nkhosa. Ine ndinanyamula mtedza wosenda uja munandipatsa, poti kwa apongozi munthu sapita chimanjamanja.

Pachipata pali kanyumba konga kogulitsiramo mayunitsi. Ndinaona Eliza akutulutsa khadi lake la kubanki. Ndinati, ukulipira chiyani? Akuti tikiti. Nabanda, ine ndakalamba, ndalowapo ndi tikiti ku mpira ndi m'basi, koma kwa apongozi ayi. Ndinafuna kubwerera pomwepo, koma mtima unati kaone mapeto ake.

Pakhomo ndinaima n'kunena odi. Zii. Ndinabwereza. Anthu amangondilambalala n'kumalowa, ena ndi ana kumsana, ena akudya aisikilimu. Kenako panabwera mayi wovala baji, analandira thumba langa la mtedza ndi ulemu ndithu, n'kundipatsa kachitsulo kolemba nambala. Ndinati basi, mwina mwambo wawo ndi umenewu, mphatso yafika.

M'katimo musandifunse. Denga lili kutali ngati la tchalitchi cha ku Nkhoma. Makoma onse ndi zithunzi zopenta za makolo awo, amuna atavala tsitsi la nkhosa, akazi atagwira tiagalu. Mphuno ndi imodzi yomweyo kuyambira pakhomo mpaka kumapeto, ndipo Adrian ali nayo. Apo pokha ndinakhutira kuti mnyamatayu sananame za kwawo. Chipinda china muli tebulo lalitali, mbale atayala kale, mafoloko, matambula, koma chakudya palibe ndipo fungo la moto silikumveka paliponse. Ndinamufunsa Eliza kuti akudikira ndani. Akuti palibe, zimangokhala choncho. Chaka chonse? Akuti eya.

Mipando ilipo yambiri, yokongola, koma palibe amene anati khalani pansi. Atchinga ndi chingwe chofiira, ndipo pampando uliwonse aikapo kachitsamba kouma kaminga. Ndinakayang'anitsitsa. Kaya ndi mankhwala otsirikira, kaya ndi njira yawo youzira mlendo kuti sakufunika, sindinadziwe.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi ichi. Gulu lonse linakwera m'mwamba n'kulowa kuchipinda chogona. Kuchipinda, Nabanda. Bedi la makatani lili poyera, anthu akulijambula, mwamuna wina wa kabudula mpaka kusuzumira kunsi kwake. Mayi wa baji ananyamula ngakhale chotayiramo madzi usiku n'kumaonetsa anthu, iwo n'kumaseka. Ine ndinaima pakhomo n'kutembenukira kukhoma. Sindingaone bedi la apongozi, ngakhale andilipire.

Titatsika miyendo inali italema, mtimanso utatentha. Ndinadumpha chingwe, ndinachotsa kaminga kaja, n'kukhala. Mpando wake unalira pang'ono koma sunathyoke. Mayi wa baji anabwera akuthamanga. Ndinamuuza Eliza kuti amuuze kuti ndine mlendo, ndakhala pansi, ndikudikira mwini nyumba adzandipatse moni. Eliza anati, "Atsibweni, chonde dzukani, mundiphetsa." Ndinati ukapanda kumasulira iwe ndinena ndekha m'Chichewa mpaka amve. Anthu anasiya kujambula makoma n'kuyamba kujambula ine.

Mapeto ake anakaitana mayi wake wa Adrian, dzina lawo a Anne, wamng'ono thupi, imvi mbuu. Eliza anachita kulowa pansi ndi manyazi pofotokoza kuti ndife ndani. Mayiwo anafiira nkhope, kenako anaseka, n'kugwada pafupi ndi mpando kuti tilingane pogwirana chanza. Chimenecho ndinachiona ndipo ndachisunga. Anati lero kwadzaza anthu, ndibwere Lachiwiri, tsiku limene satsegula, tidzacheze bwino.

Koma potuluka, mayi wa baji uja anandifunsa kachitsulo kaja, n'kundibwezera mtedza wanga. Osatapako ngakhale dzanja limodzi.

Ndamuuza Luntha kuti mwana wa mbumba yanga sangakagone pamene anthu a m'basi amasuzumira kunsi kwa bedi. Wandiyankha m'Chingerezi n'kumenyetsa chitseko. Sindinavomere, ndipo musauze anthu kuti ndavomera.

Komabe usiku ndi usana ndikungodzifunsa: anthu amenewa amadyera kuti, nanga amagona pati?

Greenwell


Croydon, 29 Epulo 2024

Amayi,

Muli bwanji? Bondo likuti bwanji? Ndakhala ndikuimba koma foni ya Effie sikulowa, ndiye kalatayi ndatumiza kwa abusa kuti akupatsireni. Ine ndili bwino, kungotopa ndi ma shift.

Amayi, atsibweni andivuta. Ndikhulupirira munamva kale zimene anachita ku Fenleigh. Mpando umene anakhalira uja ndi wakale kuposa mishoni ya Nkhoma, ndipo pena pake video yawo ikuzungulira. Za mtedza ndawafotokozera kangapo kuti pakhomo paja amangosungira anthu zikwama, aliyense amabwezeredwa chake. Akuti ayi, mphatso yobwezedwa ndi mawu.

Luntha wanena kuti Meyi akatha opanda yankho, iye ndi Adrian akamangitsa ukwati ku registry office, ofesi ya boma, ndi anzawo awiri basi, popanda chinkhoswe, popanda ine, popanda aliyense wa kwathu. Mwanayu mumamudziwa, makani ake ndi a atsibweni omwewo. Ine mwana ndili naye mmodzi yekhayu. Sindikufuna kudzamva za ukwati wake pa Facebook.

China chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ndikapita ku ntchito iwo akumasowa pakhomo. Akumatengana ndi a Henderson, kubwera madzulo nsapato zili matope, ndikafunsa akuti timakawongola miyendo. Adrian ndi amene wandiuza kuti akumapita ku Fenleigh konko. Akukatani sindikudziwa. Ndikuopa kuti akukakangana ndi banja la eni, kapena kufunsa zinthu zimene sizifunika kufunsa. Pali zina zokhudza kumene anawa adzakhale zimene sindinawauze, chifukwa ndikudziwa kuti akazimva ndiye kuti zonse zatha.

Chonde alembereni. Inu nokha ndi amene amakumverani, ngakhale amakana.

Mwana wanu,
Eliza


Mponela, 4 Meyi 2024

Achimwene,

Moni, ngati moni mukumufunabe. Foni ya Effie inagwera m'ndowa, ndiye kalata yanu ya pa 15 ndaiona dzulo atakonzetsa foniyo, tsiku limodzi ndi ya Eliza. Masiku onsewa ine ndakhala ndikuuza anthu kuti zonse zatheka. Amayi a chigwirizano asankha kale nsalu. Tsopano ndiwauze chiyani, kuti ukwati wafera pampando?

Inu kuona minga pampando n'kukhalapo dala. Ngakhale mbuzi imadziwa pamene atchinga. Ngati anthuwo amaonetsa bedi lawo, ndi bedi lawo. Luntha akakhoma chitseko chake, kiyi ali naye. Zipinda zonse zija angasowe chimodzi chobisika?

Mwamva zimene mwanayo wanena. Akakwatiwa kwa DC wa kumeneko popanda ankhoswe, mawa zikadzavuta m'banjamo adzathawira kwa ndani? Mudzakhala mwamutaya ndinu, ndipo ine sindidzakukhululukirani ngakhale pamaliro anga. Lekani kuzungulira pakhomo pa eni ngati wofuna ganyu. Vomerani chitengwa, mubwere kuno fodya wanu akukudikirani.

Ng'ombe yabereka, kamwana kakamuna.

Dainess


Croydon, 13 Meyi 2024

Nabanda,

Moni kwa inu ndi onse. Za ng'ombe ndakondwa. Za mbuzi ndamva, tidzakambirana ndikabwera.

N'zoona ndakhala ndikupita ku Fenleigh, a Henderson akundimasulira. Munthu sugula ng'ombe utaiona tsiku la msika lokha.

Lachiwiri loyamba tinapeza chipata chachikulu chotseka, tinalowera kumbali. A Anne anatilandira okha, koma osati m'chinyumba chija. Anatitengera kuseri, kumene kale kunali khola la mahatchi. Ndiko amakhala. Tizipinda tiwiri, kakhitchini, mphaka. Ngakhale nyumba ya Eliza ndi yaikulu kuposa pamenepo. Anandipatsa mpando wopanda minga, tiyi, ndipo mtedza uja analandira ndi manja awo n'kuukazinga pomwepo, ngakhale anaupsereza.

Ndinafunsa kuti anakuthamangitsani ndani m'nyumba mwanu. Akuti palibe, koma kuitenthetsa nthawi yozizira kungamalize nkhosa zonse zija. Bedi lija akuti womaliza kugonapo anali agogo a malemu amuna awo. Minga ija si mankhwala, akuti mipandoyo yakalamba, ndiye amaopa kunena mlendo kuti usakhale, minga ndiyo imawanenera. Ndinati kwathu mpando ukakalamba timasonkhera moto. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti akanakonda atabadwira kwathu.

Anandiyendetsa m'chinyumba muja monse muli zii, makatani otseka, mipando atafunditsa nsalu zoyera ngati mitembo. M'mwamba mwenimweni, kumene a matikiti safika, muli mabeseni ndi ndowa zolandira madzi a mvula. Ndinamvetsa tsopano. Anthu aja sabwera kudzachezera banjali, amabwera kudzafolera denga. Nyumbayi ili ngati nkhalamba yodwala imene ana ake akuipemphetsa pamsewu kuti ipeze mankhwala.

Ulendo wa sabata yathayi ndinakumana ndi mkulu wake wa Adrian. Ndinamupeza atavala magolovesi, akutsegula chimbudzi cha alendo chimene chinatsekeka. Mkazi wake anali kukanda masikono ogulitsa Loweruka, maso ali psuu. Ndinafunsa a Henderson kuti awa ndi antchito? Akuti ayi, ameneyu ndiye mwini zonsezi.

Pamenepo ndinawafunsa a Anne funso limene ndinabwerera. Ndinati ndionetseni chipinda chimene mudzaike mwana wanga. Anandiyang'ana, anayang'ana a Henderson, n'kuti, "Kodi sanakuuzeni?"

Nabanda, khalani pansi. Mwambo wa pabanjali ndi wakuti bambo akamwalira, mwana wamwamuna woyamba amatenga zonse. Nyumba, minda, nkhosa, zithunzi, mpaka masupuni. Enawo sapatsidwa kanthu, kuti malo asaduke zidutswa. Akuti n'chifukwa chake nyumbayo idakali m'manja mwawo kuyambira makolo a tsitsi la nkhosa aja. Adrian ndi wachiwiri. Chake pamenepo ndi mphuno ija basi. Ngakhale a Anne, chimwalirire amuna awo, akukhala m'khola muja mwa chifundo cha mwana wawo. Ndinafunsa kuti nanga kwanu kumene munabadwira simungabwerere? Akuti kumeneko anatenga mlongo wawo, ndipo anagulitsa kale. Mayi wamkulu ngati ameneyu alibe mudzi. 

Madzulo ake ndinawakhazika pansi onse atatu, Eliza, Luntha ndi mnyamatayo. Ndinati, iwe Adrian, kwanu ndakuona, ulibe ngakhale pomanga khola la nkhuku. Mwana wangayu ukamuika kuti? Luntha anafuna kuyankha, ndinamuletsa. Mnyamatayo ananena kuti lendi kuno ndi yodula, ndiye anagwirizana kalekale kuti adzakhala pompano kwa Eliza, m'chipinda cha m'denga chimene akuchikonza yekha akaweruka.

Eliza anayamba kulira. Akuti, "Atsibweni, ndimaopa kukuuzani. Ndimati mukamva kuti alibe nyumba mudzamukana, n'chifukwa chake ndinakutengerani kuchinyumba kuja kuti mwina mtima ugwe." Ndinati, mwana iwe, sukulu yonse ija inakuiwalitsa kwanu? Mwamuna wosiya kwawo, n'kubwera ndi chikwama chake kudzakhala pakhomo pa apongozi ake aakazi, n'kumawakonzera denga, kwathu timamutcha ndani? Anayankha ndi Luntha, m'Chichewa chake chopindika chija: "Mkamwini." Ndinati basi. Mwezi wonse mwandizunzira chiyani?

Ndavomera. Chinkhoswe chichitika pa 25 mwezi uno, m'holo ya mpingo. Kuchikazi nkhoswe ndine, kuchimuna mkulu wake uja, ndipo a Henderson akumuphunzitsa kale zoyenera kunena. Ndamuuza Adrian kuti mkamwini sakhala manja lende. Kuseri kwa nyumba ya Eliza kuli kamunda kamene kangomera udzu, Loweruka analima ine nditakhala pampando ndikuyang'anira. Khasu sadziwa kugwira, koma sanadandaule.

Amayi a chigwirizano muwauze zimene mungathe. Chinyumba chija si cha Luntha ndipo sichidzakhala chake, ndipo ine ndikuthokoza Mulungu, chifukwa ndamuona mkazi amene chinamugwera.

Dzulo a Anne anabwera kuno kudzaona kumene mwana wawo adzakhale. Anakwera mpaka m'denga, anatsika, n'kundifunsa kudzera mwa a Henderson kuti kodi kwanu mwana wachiwiri amapatsidwa chiyani. Ndinawauza kuti kwathu woyamba kaya wachiwiri, mwamuna amalima munda umene wapatsidwa kwa mkazi wake. Anati, ndiye Adrian adzakhala ndi munda ku Malawi? Ndinati adzakhala nawo. Anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso, akuti pabanja pawo chiyambire palibe mwana wachiwiri amene anakhalapo ndi nthaka.

Tsono mawu ndanena kale pamaso pa mboni, musandichititse manyazi. Mutenge Effie ndi mwamuna wake mupite kumunda kwa malemu amayi, mbali ya kudambo kumene chimanga sichikana. Muduleko gawo labwino, osati la miyala, mukhome zikhomo, ndipo anthu onse a m'mbumba adziwe kuti pamenepo ndi pa Luntha ndi mwamuna wake. Kaya adzabwera kudzalima chaka chamawa, kaya atamera imvi, mundawo uzimudikira. Mwana wa eni wabwera kwa ife alibe kalikonse, ndipo kwathu mkamwini sitimugoneka ndi njala.

Ndine mlongo wanu,
Greenwell Masiye